Dzanja Ligwire Thabwa, Osati Bondo

Pa 7 February 2022, kumapiri a Zhangjiakou ku China, Max Parrot wa ku Canada anapata mendulo ya golide ya Olimpiki pa mpikisano wa snowboard umene amautcha slopestyle. Majaji anamupatsa mapointi 90.96. Wachiwiri anali Su Yiming, mnyamata wa zaka 17 wa kwawo komweko ku China, ndi mapointi 88.70, ndipo wachitatu anali Mark McMorris, wa ku Canada nayenso, ndi 88.53. Posakhalitsa kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono anaonetsa chimene majaji sanachione. Pa kulumpha kumodzi, Parrot ali m'malere, dzanja lake silinafike pa thabwa. Anagwira bondo.

Mkulu wa majajiwo, Iztok Šumatić, anavomera pambuyo pake kuti kamera imene ankaonera inawabisira zimenezi, ndipo mapointi anali atatuluka kale. Parrot mwiniwake sanakane. Menduloyo sinamuchoke, ndipo ine sindikumuchitira nsanje munthu amene anali atangopulumuka khansa imene anamupeza nayo kumapeto kwa 2018. Mlandu si wake. Koma kusiyana kwa anthu atatuwa sikunakwane ndi mapointi atatu omwe, choncho bondo lija likanaonedwa, mwina mendulo zonse zitatu zikanasinthana manja.

Wina anganene kuti n'kachinthu kakang'ono, dzanja kuphonya thabwa ndi masentimita ochepa chabe. Ine ndikuti masewero onsewa agona pamenepo. Mipikisano ikuluikulu ya snowboard, wa akatswiri a dziko lonse wa FIS, bungwe loyendetsa masewero otsetsereka pa chipale chofewa, pamodzi ndi wa Olimpiki, yazolowera kulipira munthu chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo amene wazungulira m'malere, n'kuiwala kufunsa ngati iyeyo ndiye anali kulamula thupi lake pozungulirapo. Ikapitiriza choncho, dzina loti katswiri wa dziko lonse lizingotanthauza mwana wopepuka thupi amene sanagwe tsiku limenelo.

Ambiri mwa ife masewerowa timangowaonera pa YouTube kapena pa TV, ndiye ndifotokozeko pang'ono. Wosewera amaima cham'mbali pa thabwa limodzi, mapazi onse awiri atamangiriridwa, n'kumatsetsereka paphiri la chipale chofewa. Mipikisano yake, ya abambo ndi ya amayi yomwe, ili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la liwiro. Pa parallel slalom ndi parallel giant slalom anthu awiri amatsika limodzi, aliyense njira yake, akukhotakhota pa timbendera. Pa snowboard cross amanyamuka anayi nthawi imodzi m'njira imodzi ya zitunda ndi makona, ndipo wofika koyamba ndiye wapambana. Uku kulibe zambiri zokangana. Pa Olimpiki yomweyo ya 2022, yodziwika kuti ya ku Beijing, Alessandro Hämmerle wa ku Austria anaposa Éliot Grondin wa ku Canada ndi kansonga ka thabwa, chithunzi cha pamzere womaliza chinaonetsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Gulu lachiwiri ndi la majaji. Pa halfpipe wosewera amayenda m'chingalande chachikulu chokhala ndi makoma otalika mamita pafupifupi 7, akuuluka khoma ili n'kukaulukanso linalo. Pa slopestyle amadutsa pa zitsulo kenako n'kulumpha zitunda zotsatizana. Pa big air chitunda n'chimodzi chokha, koma chachikulu zedi. Kuzungulira amakuwerenga ndi madigiri: 360 ndi kamodzi, 1080 ndi katatu, 1440 ndi kanayi, 1800 ndi kasanu. Ndipo pa kulumpha kulikonse munthu amayembekezeka kugwira thabwa ndi dzanja.

Kugwira thabwako si kukometsera chabe ayi. Anakutengera kwa anyamata a skateboard, ndipo kagwiridwe kalikonse kali ndi dzina lake: indy, mute, melon, Japan, method. Munthu amene waponyedwa m'mwamba n'kutaya mtima manja ake amangoti balala, kufunafuna pogwira mumphepo. Amene wapinda maondo, wapeza m'mphepete mwa thabwa, waligwira n'kulisunga mpaka nthawi yotera itakwana, akuuza aliyense woonera kuti akudziwa kumene kuli mutu wake ndi kumene kuli pansi. Taonani method yochitidwa bwino: dzanja lakutsogolo lagwira thabwa kumbali ya zidendene, msana wapindika, thabwa lakankhidwira m'mwamba mpaka kunsi kwake kukuonekera kwa anthu, dzanja linalo latambasuka. Palibe kuzungulira ngakhale kamodzi, koma osewera akale amamuyeza mnzawo ndi chimenechi.

Tsono pali vuto loti kuzungulira ndi kugwira zimalimbana. Kuti uzungulire msanga uyenera kudzikulunga, manja ndi miyendo zikhale pafupi ndi thupi. Kutambasula dzanja kukagwira kumphuno kwa thabwa kapena kumchira kumachepetsa liwiro la kuzungulirako. Ndiye manambala akamakwera, aliyense amathamangira kagwiridwe kapafupi, pakati pa mapazi, n'kungokhudza kamphindi kochepa. Mu 2022 Su Yiming anapata golide wa big air ndi ma 1800. Mu January 2025, pa mpikisano wotchuka wa X Games ku Aspen, ku America, Hiroto Ogiwara wa ku Japan anatera 2340, ndiko kuti kuzungulira kasanu ndi kamodzi ndi theka. Luso lake ndi lodabwitsa, palibe angatsutse. Koma yesani kuonera kanemayo pa liwiro lake lenileni muone ngati mungawerenge. Maso a munthu satha. Nanga jaji amene wapatsidwa masekondi ochepa, ndi kamera imodzi, aona bwanji pamene pali dzanja?

Kuti timvetse chifukwa chake nkhaniyi imawapweteka eni masewerowa, tiyenera kukumbukira kumene anachokera. Mu 1965 Sherman Poppen wa ku Muskegon, m'chigawo cha Michigan, analumikiza ma ski awiri, timatabwa titalitali timene amavala kamodzi kuphazi lililonse potsetsereka pa chipale, kuti ana ake aziseweretsa, chidolecho n'kudzatchedwa Snurfer. Jake Burton Carpenter anayamba kupanga matabwa ake ku Vermont mu 1977, Tom Sims akupanganso ake ku California. Kwa zaka zambiri eni mapiri a ski ankawathamangitsa achinyamata amenewa, ati ndi ana osamva. Mpaka lero mapiri atatu a ku America sawalola: Alta, Deer Valley ndi Mad River Glen. Choseketsa n'choti mpikisano wa akatswiri a dziko lonse wa 2019, umene unaphatikiza snowboard ndi freestyle ski ku Utah, zigawo zake zina za ski zinachitikira ku Deer Valley komweko, phiri limene theka la alendo a mpikisanowo silikanawalola kutsetsereka.

Achinyamata aja anali ndi bungwe lawolawo, International Snowboarding Federation. Koma komiti ya Olimpiki itafuna kulowetsa snowboard ku Nagano mu 1998, inapereka udindowo kwa FIS, bungwe la ski, la anthu omwe aja ankatseka zipata. FIS inali itangochititsa mpikisano wake woyamba wa akatswiri a dziko lonse ku Lienz, ku Austria, mu 1996. Terje Håkonsen wa ku Norway, amene panthawiyo panalibe womuposa pa halfpipe, anakana kupita ku Nagano. Bungwe la achinyamatawo linafa mu 2002, ndipo FIS inadikira mpaka 2022 kuti iike mawu oti snowboard m'dzina lake. Kwa zaka zambiri akatswiri enieni a halfpipe ndi slopestyle ankawerengera X Games ndi US Open, mpikisano wa FIS n'kumauona ngati khomo longolowera ku Olimpiki. Lero zasintha ndithu. Chloe Kim, Scotty James, Zoi Sadowski-Synnott ndi Anna Gasser onse ali ndi golide wa FIS ndipo amamunyadira. Koma ulemu umenewu FIS yaupeza mochedwa ndiponso movutikira, ndipo ingautaye mosavuta ngati mapointi ake asiya kugwirizana ndi zimene osewera eniake amazitcha kusewera bwino.

Majaji anasonyezapo kale kuti njira ina ilipo. Ku Sochi mu 2014, slopestyle italowa koyamba mu Olimpiki, aliyense ankayembekezera kuti golide apita kwa odziwa triple cork, kumene kuli kupidiguka katatu mopendekeka uku ukuzungulira. Sage Kotsenburg wa ku America analibe triple cork m'ulendo wake. Anali ndi magwiridwe achilendo, ena odzipekera yekha, kuphatikizapo kamene anakatcha Holy Crail, ndipo anamaliza ndi 1620 atagwira Japan, chinthu chimene anali asanachiyesepo. Anapatsidwa 93.50, naposa Ståle Sandbech ndi McMorris. Ena anadandaula, koma ambiri mwa anthu a masewerowa anasangalala, chifukwa anaona kuti nzeru ndi kukoma kwa kaseweredwe zikadali ndi mtengo. Zaka zotsatira phunzirolo linaiwalika pang'onopang'ono.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo zolimba. Kukoma kwa kaseweredwe sikuyezeka. Chimene chakomera jaji wa ku Slovenia mwina sichikomera wa ku Japan. Nambala ndiye sinama: 1800 ndi yoposa 1620 kulikonse. Ukachotsa mphamvu pa nambala n'kuipereka ku zokonda za majaji, watsegula khomo la tsankho, ndipo wovutika adzakhala mwana wa dziko losatchuka amene alibe dzina. Amene amanena zimenezi amaloza zimene zinachitika masiku anayi chichitikireni nkhani ya Parrot. Pa 11 February 2022 Ayumu Hirano wa ku Japan anatera triple cork mu halfpipe, chinthu chimene palibe anali atachitapo pa Olimpiki mu ulendo wathunthu, majaji n'kumupatsa 91.75, kumbuyo kwa Scotty James wa ku Australia amene anali ndi 92.50. Anthu anakuwa. Hirano anakwera phiri mokwiya, anabwereza ulendo womwewo mwaukhondo koposa, napatsidwa 96.00 ndi golide. Pambuyo pake ananena kuti pafunika njira yomveka yoyezera, popeza osewera amaika moyo wawo pachiswe.

Hirano ananena zoona, ndipo nkhani yake sikugwetsa mfundo yanga. Ulendo wake wa mapointi 91.75 uja sunali nambala yokha. Anauluka pamwamba, anagwira thabwa, anatera bwino kuyambira koyamba mpaka komaliza. Majaji analakwitsa pomumana, monga analakwitsira pomupatsa Parrot zochuluka. Zolakwa ziwirizi zikuoneka zosiyana koma muzu wake ndi umodzi: anthu ochepa, nthawi yochepa, zithunzi zosakwanira, ndi nambala imodzi yotuluka popanda kufotokoza kumene yachokera. Mankhwala ake si kuthawira ku kuwerenga madigiri basi. Ndipotu kugwira thabwa si nkhani ya zokonda za munthu. Dzanja lafika kapena silinafike. Lagwira kwa nthawi yaitali kapena langokhudza. Lagwira pakati pa mapazi kapena kumchira. Zonsezi kamera imaziona bwino lomwe kuposa mmene imawerengera madigiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si mendulo zosochera, koma ana. Hirano anapata siliva wa Olimpiki mu 2014 ali ndi zaka 15. Red Gerard ndi Chloe Kim anapata golide mu 2018 onse ali ndi zaka 17. Ku Bakuriani, ku Georgia, mu 2023, Mia Brookes wa ku Britain anakhala katswiri wa dziko lonse wa slopestyle ali ndi zaka 16, atatera 1440 imene panalibe mkazi anali ataiterapo pa mpikisano. Ndi ana aluso, ndipo chisangalalo chawo n'chenicheni. Koma si mwangozi kuti zaka zikutsika pamene manambala akukwera. Thupi laling'ono limazungulira msanga, ndipo mwana sanaphunzire kuopa. Amaphunzirira pa zimatumba zikuluzikulu za mpweya, chaka chonse, kubwereza kulumpha kumodzi kambirimbiri mpaka thupi litaloweza. Tsiku la mpikisano thumba kulibe, kuli chipale cholimba. Kevin Pearce, amene ankayembekezeka kulimbana ndi Shaun White ku Vancouver mu 2010, anamenyetsa mutu pakhoma la halfpipe ku Park City pa 31 December 2009 akuphunzira double cork, ndipo sanapikisanenso. Imeneyo inali double. Lero abambo apamwamba akulimbirana triple. Majaji akamalipira theka lililonse la kuzungulira kuposa china chilichonse, akuuza makochi ndi makolo njira yoti akankhire ana awo, ndipo iwo amamva.

Amayi alowa mu mpikisano wa manambalawu mwaliwiro, ndipo pano ndiyenera kusamala. Kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti sangathe, ankapatsidwa zitunda zazing'ono ndi nthawi zoipa za pa TV. Gasser atakhala mkazi woyamba kupidiguka katatu mu 2018, anatseka pakamwa anthu ambiri, ndipo anachita bwino. Sindikunena kuti amayi abwerere m'mbuyo kapena kuti azisewera mofatsa. Ndikunena kuti muyezo wolakwika ndi wolakwika kwa onse. Zaka zapitazi ambiri okonda masewerowa akhala akunena kuti ma fainolo a amayi ndiwo okoma kuonera, chifukwa maso amatha kutsatira zimene zikuchitika ndipo wosewera aliyense amaoneka kuti ndi iyeyo. Kungakhale kutaya kwakukulu atafika pofanana ndi abambo m'njira yoti nawonso tisamathe kuwasiyanitsa ali m'malere.

Ndipo amayiwa akudziwa bwino zimene zimachitika pulogalamu ya TV ikakula mphamvu kuposa osewera. Ku PyeongChang mu 2018 mphepo inali yoopsa moti mpikisano wosankha olowa mu fainolo ya slopestyle ya amayi unalephereka. Tess Coady wa ku Australia anavulala bondo pokonzekera. Fainolo inachitikabe mphepo ikuomba, ndipo ambiri anagwa kapena kusiyira panjira. Jamie Anderson anapambana chifukwa chodziwa kuchepetsa, zimene ndi nzeru ndithu, koma Gasser ndi anzake ananena poyera kuti mpikisanowo sunayenere kuchitika tsiku limenelo. Mtima umene unakana kudikira mphepo ndi womwewo umene umakana kudikira kanema wachiwiri.

Pali nkhani ina imene anthu amakonda kuitchula akafuna kunyoza kugwira thabwa. Ku Turin mu 2006 Lindsey Jacobellis ankatsogola patali mu fainolo ya snowboard cross. Pa chitunda chachiwiri kuchokera kumapeto anagwira method, anagwa, Tanja Frieden wa ku Switzerland n'kumudutsa. Atolankhani anamunyoza zaka zambirimbiri, ati matama anamudyetsa golide. Inde, pa mpikisano wa liwiro method ilibe pointi, ndipo anataya golide pachabe. Koma mayi yemweyu anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu payekha, mu 2005, 2007, 2011, 2015 ndi 2017, ndipo ku Beijing, ali ndi zaka 36, anapata golide kawiri. Pa fainolo ya awiriawiri, imene anasewera ndi Nick Baumgartner wa zaka 40, anagwiranso thabwa pa chitunda chomaliza. Kwa munthu wa snowboard dzanja limapita lokha ku thabwa, ngakhale pamene palibe womulipira. N'zomvetsa chisoni kuti kumene kuli majaji olipidwa kuti aone zimenezi n'kumene zikuchepa mtengo. Taonaninso zaka za awiriwa, 36 ndi 40. Kumene wotchi ndiyo imaweruza, anthu amakalambira m'masewero. Kumene kukuweruza madigiri, wa zaka 30 amatchedwa nkhalamba.

Nanga FIS ichite chiyani? Choyamba ndi chosavuta: mapointi asatuluke majaji asanaone kulumpha kulikonse kuchokera mbali ziwiri kapena zitatu, pang'onopang'ono, ndipo kochi akhale ndi mphindi zochepa zodandaula pa chinthu chooneka ngati dzanja ndi bondo. A TV adzati owonera atopa. Ife otsatira mpira tazolowera kudikira VAR, timatukwana koma sitizimitsa TV, ndipo kumeneko chigoli chimodzi sichitha ntchito ya munthu ya zaka zinayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi imodzi yowonjezera ingadzazidwe ndi kanema yemweyo amene majaji akuonera, owonera n'kuphunzirapo kusiyanitsa melon ndi mute.

Chovutirapo ndi kusintha kulemera kwa zinthu. Pa slopestyle pali kale majaji oyang'ana chigawo chimodzichimodzi ndi ena oyang'ana ulendo wonse, ndipo pa big air amawerengera kulumpha kuwiri kosiyana, kuti munthu asangobwereza chimene amachidziwa. Maziko alipo. Chotsala n'kulemba poyera, nyengo isanayambe, kuti 1620 yogwiridwa kumchira kuyambira ponyamuka mpaka potera iposa 1800 yongokhudza, ndi kuti wobwereza kagwiridwe kamodzi pa zitunda zonse ataya mapointi. Halfpipe nayo isiye kutulutsa nambala imodzi yopanda mutu: tione zimene wapeza pa kutalika, pa kuvuta, pa kagwiridwe ndi pa katerede. Jaji akalakwa tidziwe pamene walakwira. Ena adzati zimenezi zisandutsa snowboard kukhala masamu. Masamuwo alipo kale, kungoti pano akuwerenga chinthu chimodzi chokha.

FIS isaganize kuti osewera alibe kolowera. Travis Rice anayambitsa Natural Selection Tour, kumene amapikisana pamapiri achilengedwe ndipo chimene chimalemekezedwa ndi njira imene munthu wasankha ndi mmene waiyendera. Shaun White, mwini golide wa Olimpiki wa 2006, 2010 ndi 2018, anayambitsa ligi yakeyake ya halfpipe, Snow League, mu 2025. X Games ikadalipo. Anthu amenewa anakhalapo kunja kwa chipata kale ndipo sakuopa kubwererako. Mpikisano wa akatswiri a dziko lonse wa 2025 unachitikira ku Engadin, ku Switzerland, ndipo wotsatira ndi wa ku Montafon, ku Austria, mu 2027. Makamera oonjezera ndi malamulo atsopano a mapointi zingakonzeke nthawi imeneyo isanakwane, bola FIS ikhale pansi ndi osewera ndi makochi awo powalemba, osati ndi a TV okha.